Kutsika Vallée Blanche pa maski, kuchokera pa Aiguille du Midi mpaka ku Montenvers

Anthu ambiri amafika ku Chamonix, tauni ya ku France yomwe ili m'tsinde mwa Mont Blanc, atamva kale kuti Vallée Blanche, njira yotsika pa maski (timatabwa totsetserekera pa chipale) kuchokera pa nsonga ya phiri ya Aiguille du Midi, ndi yosavuta. Mawuwa ali ndi choona chake. Malo ambiri a njirayi ndi osapendekeka kwambiri, ndipo munthu wotsika bwino njira zofiira (zovuta pang'ono) za m'malo otsetserekera angathe kuimaliza. Chimene sachinena ndi chakuti makilomita pafupifupi 20 amenewa muwayenda pamwamba pa mtsinje wa ayezi. Kulibe timitengo tosonyeza malire, kulibe makina osalaza chipale usiku, kulibe olondera. Pansi pa chipale chofewa chooneka choyalidwa bwinocho pali ming'alu yakuya kuposa nyumba zosanjikizana, yovindikiridwa ndi timilatho ta chipale tomwe simungationele patali. Luso lofunika kwambiri kuno ndi lotha kuima pamalo enieni amene mwauzidwa kuti muime.

Kuchokera pabwalo la ndege la Geneva, basi imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa kufika ku Chamonix. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi kapena Zambia afunika visa ya Schengen, ndipo imodzi yomweyo imagwira ku Switzerland ndi ku France komwe. Musathamangire Vallée Blanche tsiku loyamba. Perekani masiku awiri kapena atatu ku Grands Montets kapena ku Brévent, malo otsetserekera a m'chigwa cha Chamonix momwemo, muzitsika m'mbali mwa njira zosalazidwa pomwe chipale chapondedwapondedwa, chaundana pamwamba kapena chachita mabampu, chifukwa ndi chotere chimene mukakumane nacho. Tikiti yogula ndi ya Mont Blanc Unlimited, yomwe imalola kukwera chikepe cha pa chingwe chopita ku Aiguille du Midi komanso sitima ya ku Montenvers, siteshoni ya kumapeto kwa njirayi. Pa inshuwalansi, werengani ndithu ngati yalemba za kutsika kunja kwa njira zosalazidwa, chimene Afalansa amati hors-piste. Zambiri zimakana kulipira ngati munalibe wotsogolera wovomerezeka.

Wotsogolerayo ndi wofunika, ndipo pamenepa sitinyengerera. Akhale wa chiphaso cha UIAGM, bungwe la padziko lonse la otsogolera anthu m'mapiri. Bungwe la Compagnie des Guides de Chamonix lilipo kuyambira 1821, ndipo palinso ena odziimira paokha. Ming'alu imasuntha chaka ndi chaka pamene ayezi akuyenda, kotero mapu a chaka chatha sathandiza. Kutsatira mikwasa ya maski a anthu osawadziwa n'koopsa kwambiri: njira zina zotchedwa Envers du Plan zimapatuka kumtunda komweko, ndipo ndi zotsetsereka koopsa komanso zong'ambika kuposa njira yachizolowezi.

Zida zake zili m'magulu awiri. Za kugumuka kwa chipale ndi zitatu: kachipangizo kotchedwa DVA, kamene kamatumiza chizindikiro pa 457 kHz kuti munthu wokwiririka apezeke, ndodo yopinda yofufuzira ya masentimita 240 kapena kuposa, ndi fosholo yachitsulo. Ya pulasitiki imangodumpha pa chipale chimene chagumuka, pakuti chikaima chimalimba ngati dothi la m'chilimwe. DVA imavalidwa m'kati mwa jekete, osati m'chikwama, ndipo foni ikhale kutali nayo masentimita 20, pofufuza munthu masentimita 50, apo ayi chizindikiro chimasokonekera. Za ming'alu ndi lamba wovala m'chiuno ndi m'ntchafu, kachingwe kake kokhala ndi ngowe yotseka, chitsulo chopotera mu ayezi, ndi ma crampon, minga yachitsulo yomangirira kunsi kwa nsapato. Ma crampon muwayese pa nsapato zanu muli m'chipinda madzulo. Kuwasintha kukula ndi zala zouma ndi chisanu pamwamba pa phiri ndi chiyambi cha mavuto. Maski apakati, a mamilimita 90 mpaka 105 pansi pa phazi, amakwanira.

Kukhala ndi DVA osadziwa kuigwiritsa ntchito n'chimodzimodzi kusakhala nayo. Mwa anthu okwiririka, oposa 90 pa 100 alionse amapezeka amoyo akafukulidwa pasanathe mphindi 10, koma ikadutsa theka la ola ambiri amakhala atabanika. Helikopita ya PGHM, apolisi opulumutsa anthu m'mapiri amene mumawapeza poimba 112, kawirikawiri singafike m'nthawi imeneyo. Wofukula ndi mnzanu amene muli naye. Choncho yesererani: wina akwirire chikwama chokhala ndi DVA, inu muchipeze. Chizindikiro chikafika pochepetsetsa, bayani ndodo moongoka ndi nkhope ya chipale, kutalikitsa mabowo masentimita 25. Mukakhudza, ndodoyo isiyeni pomwepo. Kukumba kumayambira kumunsi kwa ndodo, pamtunda wa kuya kwake kamodzi ndi theka, n'kumalowa cham'mbali. Wokumba molunjika pamwamba amaponda mpata umene munthuyo akupumiramo.

Madzulo alionse, cha m'ma 4 koloko, nthambi ya zanyengo ya Météo-France imatulutsa chikalata cha chiopsezo cha kugumuka kwa chipale chotchedwa BERA, pa muyeso wa 1 mpaka 5. Nambala imene imanyenga anthu ndi 3. Imaoneka yapakatikati, koma ndi pomwe anthu ambiri amafera, chifukwa pa 4 ndi 5 aliyense amachita mantha n'kukhala m'tauni. Werengani mawu ake onse: mbali ya phiri imene mphepo yaunjikako chipale, ndiponso kuyambira pa msinkhu wanji. Chipale chimagumuka makamaka pamalo opendekeka madigiri 30 mpaka 45. Ofesi ya Office de Haute Montagne, pafupi ndi tchalitchi cha m'tauni, imafotokoza momwe njira ilili masiku amenewo. Kukachita mitambo, ulendo ulephereke basi. Kuwala kukafanana paliponse, kadzenje kosonyeza kuti pansi pali mng'alu sikaonekanso.

M'mawa mumakwera chikepe cha pa chingwe chomwe chinatsegulidwa mu 1955. Chimanyamuka pa mamita 1,035, mumasintha pa Plan de l'Aiguille pa mamita 2,317, n'kukafika pa siteshoni ya mamita 3,777, m'munsi pang'ono mwa nsonga ya mamita 3,842, zonsezo m'mphindi pafupifupi 20. Nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye muone kuti mwaipitirira ndi mamita 775 thupi lisanazolowere. Mpweya wokoka kamodzi uli ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a umene mumapeza m'mbali mwa nyanja yamchere. Kukwera masitepe khumi okha mtima umagunda m'makutu. Yendani mwachifatse, imwani madzi, valani lamba ndi ma crampon muli m'kati mwa ngalande ya m'thanthwe momwe mulibe mphepo. Wotsogolera amayesa DVA ya aliyense mmodzimmodzi musanatuluke.

Potulukira ngalande ya ayezi pali kamsana ka phiri, arête, ndipo apa ndi pamene miyendo ya ambiri imanjenjemera. Kumanzere kuli phompho lotsikira ku Chamonix, madenga a nyumba akuoneka ngati timiyala. Nyengo ikakhazikika amakhomapo zitsulo ndi zingwe zogwirira, n'kusema kanjira kokhotakhota. Maski amamangidwa pa chikwama kuti manja akhale omasuka, ndodo zonse ziwiri dzanja limodzi, linalo pa chingwe. Wotsogolera amakumangani nonse pa chingwe chake, iye n'kukhala kumbuyo, kumtunda kwa onse. Chogwetsa anthu pano nthawi zambiri ndi chaching'ono: munga wa crampon kukola mwendo wa thalauza. Tangadzani miyendo pang'ono, pondani phazi lonse kuti minga yonse ilume, maso akhale pa mapazi. Zithunzi mukajambula kumunsi.

Pamalo athyathyathya pomwe mumavalira maski, aikeni mopingasa ndi kutsetsereka kwa phiri, ski yakumunsi iyambe. Gogodani chipale chomata kunsi kwa nsapato ndi ndodo, chifukwa chikatsalira, chogwirira nsapato chimaoneka ngati chatseka koma chimamasuka pokhota koyamba, ndipo ski yothawa pano siibwerera. Ngowe ya kachingwe ka lamba muikoleke pamwamba, pa lamba wa paphewa wa chikwama, kuti mukagwera mu mng'alu wokupulumutsani aifikire mosavuta kuchokera kumwamba. Manja atuluke m'zingwe za ndodo.

Kenaka chigwa chimatseguka, ndipo kukongola kwake n'kosasimbika. Matanthwe ofiirira a Mont Blanc du Tacul ali kumanja, kutsogolo kuli Dent du Géant, dzino la mwala la mamita 4,013 pamalire ndi Italy. Njira yachizolowezi imazungulira thanthwe la Gros Rognon pang'onopang'ono. Malamulo a pa ayezi ndi ochepa koma sasweka. Wotsogolera akaima, inu imani kumtunda kwake, osamupitirira ngakhale mita imodzi, poti mwina waima pakamwa pa mng'alu. Akanena kuti muyende mu mkwasa wake, ndi mu mkwasa momwemo. Musaunjikane pamalo amodzi. Ndipo musavule maski onse awiri: ski imagawa kulemera kwanu pamtunda wautali, pomwe nsapato yokha imaboola kamlatho ngati chikhatho pa nsima yotentha. Ofuna kutaya madzi amachita ali pa maski.

Povuta penipeni ndi pa Séracs du Géant, pomwe mtsinje wa ayezi umatsika potsetsereka n'kusweka kukhala zipilala zobiriwira motuwa, zina zazitali ngati nyumba. Njira imapanikizika, imachita mabampu olimba, ming'alu ili yasa mbali zonse. Apa kutsetsereka cham'mbali, maski atapingasa, n'kwanzeru ndipo palibe wokusekani. Zipilalazo zimagwa nthawi iliyonse, usana kapena usiku, choncho pansi pake sipoimapo. Munthu akagwera mu mng'alu n'kutsakamira pa kashelefu ka chipale, asayambe kuphiriphitha. Apotere chitsulo chija mu khoma la ayezi, adzikoleke, adikire chingwe. Otsala pamwamba asathamangire m'mphepete kukasuzumira, chifukwa mlomo wa mng'alu umagumukira pa mnzawo yemweyo.

Kumunsi kwa zipilalazi kuli malo otchedwa Salle à Manger, kutanthauza chipinda chodyera, pomwe magulu amakhala pansi n'kutulutsa buledi ndi tchizi. Dzinali lisakupusitseni, ming'alu ilipo pomweponso, ndipo pokhala amasankha ndi wotsogolera. Ena amakhotera ku nyumba ya alendo ya Refuge du Requin, pa mamita 2,516, kukadya chotentha. Dzolaninso mafuta oteteza ku dzuwa, kunsi kwa mphuno ndi chibwano komwe, popeza chipale chimabweza kuwala kuchokera pansi. Magalasi akuda asachoke kumaso. Maso opsa ndi kuwala amayamba kuwawa usiku, ngati mwathiridwa mchenga.

Chotsala ndi Mer de Glace, mtsinje wa ayezi waukulu kuposa yonse mu France. Ndi wautali komanso wathyathyathya, ndiye sungani liwiro kuti musamakankhe ndi ndodo. A snowboard, oyenda pa thabwa limodzi, amavutika pano ngati sanatenge ndodo zopinda. Kumapeto kwake miyala imatuluka m'chipale, ndipo ntchafu zimakhala zitatopa, nthawi imene mawondo ambiri amapotokera. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo nyamukani ndi zikepe zoyambirira, chifukwa dzuwa likakwera timilatho timafewa.

Chipale chikakhala chochuluka, mumanyamula maski n'kukwera kamtunda kufika pa Les Mottets, kenaka n'kutsika kanjira kopapatiza ka m'nkhalango mpaka ku Les Planards m'tauni, kutsika kwa mamita pafupifupi 2,800 kuchokera pa nsonga. Zaka zino mwayi umenewu ukuchepa. Ayezi waphwa kwambiri moti chikepe chatsopano chisanatsegulidwe mu 2024, anthu ankakwera masitepe oposa 500 atasenza maski kuti akapeze chikepe chakale. Tsopano chatsopanocho chimakutengani kuchokera pa ayezi kukafika ku Montenvers, pa mamita 1,913, pomwe pali sitima yofiira yotsikira ku Chamonix m'mphindi ngati 20. Ulendo wonse umatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Nthawi ya chikepe chomaliza ndi sitima yomaliza imasintha ndi nyengo, choncho ifunseni m'mawa pogula tikiti, muilembe pa dzanja ngati n'kotheka, ndipo pa Requin muzidya mukuyang'ana wotchi.