Za 33 zija, imvani kwa mwini wake

Chabwino, poti kavidiyo kaja, kosonyeza a malume akundichititsa manyazi pa nkhani ya mbale ya nyimbo, kazungulira mpaka mlamu wanga wa ku Leeds wanditumizira ine mwini wake ngati nkhani yatsopano, bola ndinene ndekha musanathiremo mchere wina. Choyamba, sinali miyezi itatu ayi, anali masabata asanu. Chachiwiri, sindinalire. Unali utsi wa kanyenya.

Mukudziwa kale kuti chaka chino zandilowa m'magazi ndi mbale za nyimbo za m'ma 1960, zija za anyamata atsitsi lofika m'mapewa oyimbira m'magalaja a makolo awo. Anandiyambitsa ndi mlamu yemweyo, anatola katoni yonse pa kaunjika wa kumeneko nkunditumizira. Choyimbira ndinali nacho, gumbagumba ya Supersonic imene a malume anabwera nayo kuchokera ku Bulawayo kalekale, yakhala zaka kwa mayi ikugwira ntchito ya tebulo la maluwa apulasitiki. Mkulu wina wokonza mawailesi mumsika anaisintha singano nkundiuza kuti, "Bwana, ikulira bwino iyi, osamagwiragwira." Ine akatswiri ndimawamvera. Mawu amenewo muwasunge, ndi loya wanga.

Ndinayamba ndi zimbale zikuluzikulu ndipo zonse zimalira bwinobwino. Nde ndinawerenga amwene, ngati ndikukalemba mayeso a Fomu 4. Ndinadziwa kuti mu 1964 Dave Davies wa The Kinks anang'amba sipika yake ndi lezala kuti gitala izilira mosasa mawu. Ndinadziwa kuti ku Texas kunali bandi ya 13th Floor Elevators imene munthu mmodzi ntchito yake inali yoyimbira mu mtsuko, mtsuko weniweni, maikolofoni ili pambali. Mutu wanga unangogwira chinthu chimodzi: mu nyimbo zimenezi chilichonse chomveka ngati chawonongeka, anachita dala. Ndinalumbiranso kuti nyimbo ya pa mbale sindidzaimveranso pa foni, kumeneko nkuinyoza. Mukuona mmene munthu amadzikumbira dzenje, khasu lake lomwe, akuimba mluzu.

Pansi pa katoni panali kambale kakang'ono, "Wild Thing" ya The Troggs, ya 1966. Pa kapepala ka pakati panalembedwa 45. Ine ndimayesa mtengo.

Nditatsitsa singano, abale, ndinakhala pansi. Gitala inayamba ngati chigayo cha dizilo m'mawa wa mu June, chija chimatsokomola kaye kasanu chisanavomere. Ng'oma iliyonse imagwa ngati thumba la chimanga lochokera pamwamba pa lole, nkudikira, nkudikirabe, lina nkugwa. Kenako mawu. Mawu a ng'ombe yamphongo ya ku Nsanje imene yangouzidwa kumene kuti mawa ikupita ku Blantyre ndipo ulendo wake ndi wosabwerera. Pakati pa nyimbo panabwera kulira kwina ngati kadzidzi amene mkazi wamuthawa, galu wa aneba nkuyankhira kuseri kwa mpanda. Tsitsi linandiima. Ndinati eya, sayikodeliki yeniyeni, nyimbo zija zozunguza mutu, ndi imeneyi, enawa amangoyerekeza.

Masabata asanu ndimaimvera usiku uliwonse. Mayi a kunyumba anandifunsa kamodzi kuti, "Bambo a mwana, chinthuchi sichikudwala?" Ndinawayankha mwaulemu kuti khutu limafuna kuphunzitsidwa.

Loweruka lija ndinaitana anyamata asanu, ena mwa inu mukuwerenga pano ndipo wojambulayo ndikumudziwa, Mulungu akuona. Ndinazimitsa magetsi a pabalaza nkusiya kababu kamodzi komwe ndinakakulunga ndi jumbo yofiira. Ndinaletsa kuyankhula. Ndinaletsa ngakhale kutafuna mokweza. Ndinayamba ndi kalasi kaye, kuti woyimbayu, Reg Presley wa ku Andover ku England, anali womanga nyumba asanayambe zoimba (izi nzoona, kafufuzeni), nde mawu mukumvawa ndi a munthu amene wapuma simenti zaka zambiri, chifuwa chake ngati diramu ya malita 200. Ndinawauza kuti katswiri wa gitala Jimi Hendrix anaimba nyimbo yomweyi ku Monterey, ku America, mu 1967 nkuyatsa gitala yake moto, ndipo mukamva kulemera kwake mumvetsa chifukwa chake. Mmodzi anafunsa kuti koma anthu amavina bwanji zimenezi. Ndinamuyang'ana momumvera chisoni. Ndinati aise, izi si zovina, izi zimavina mkati mwako.

Chimene ndinaiwala nchakuti pakona panali a malume. Anabwera Lachinayi kuchokera ku Ntcheu kudzaonetsa maso kuchipatala, munthu wa zaka pafupifupi 80, anangokhala phee ndi kapu yawo ya tiyi, chipewa pa bondo. Nyimbo ili pakati, ine maso ndatseka, chala chimodzi m'mwamba ngati mlaliki amene wafika pa vesi lake, ndinangomva:

"Mphwanga, wamwalira ndani?"

Ndinati palibe a malume, ndi nyimbo, ndi mmene amaimbira azungu a nthawi imeneyo.

"Nthawi iti?"

"1966."

Anaika kapu pansi. Anavala chipewa, m'nyumba momwemo, sindikudziwa chifukwa chake mpaka lero. Anagwira mkono wa mpando, bondo lakumanja linalira, lakumanzere linayankha. Kuchokera pakona paja kufika pa gumbagumba ndi mapazi asanu ndi limodzi, ndawerenga kambirimbiri chichitikireni, koma iwo anayenda ngati akuchokera ku Ntcheu wapansi, ndodo gu, phazi, phazi, ndodo gu, ndipo chomvetsa chisoni nchakuti amayenda ndendende pa sipidi ya nyimbo yanga. Chala changa chinali chidakali m'mwamba. Ndimafuna kuchitsitsa koma ndimaona kuti ndikachitsitsa ndiye ndavomera mlandu umene sindinaudziwe. Anafika, anawerama, anapukuta magalasi ndi tayi, munthu amene adokotala anena dzulo lake kuti diso limodzi lili ndi ng'ala, nkupeza kachitsulo kakang'ono pambali pa mbale kamene ine masabata asanu ndimakayesa kokongoletsa, kani ndi kosinthira sipidi imene mbale imazungulira. Chala chimodzi. Tcha.

Ng'ombe ija inasanduka mnyamata. Mnyamata wamwano, wothamanga magazi, amene akunyengerera mtsikana pa dansi. Chigayo chinasanduka gitala. Kadzidzi uja kani ndi kachitoliro kadothi, kosangalala bwinobwino, palibe anamuthawa. Galu anasiya kulira.

Ndipo a malume anayamba kuvina. Bondo lomwe lija timachita kuwanyamula pokwera minibasi linapinda, chiuno chikupita uku ndodo ikupita uko, akufuula kuti iyi amaimvera pa wailesi ya LM Radio ali ku khitchini ya hotela ku Bulawayo, mbale zikutsukidwa ndi nyimbo yomweyi. "Yaikulu 33, yaing'ono 45! Mwana wa Sitandade 1 amadziwa!" Anyamata anali pansi, wina analowa mutu pansi pa tebulo, wina amamenya khoma ngati khomalo ndi limene lanena. Kuti andimalize bwinobwino, a malume anakankhanso kachitsulo kaja kufika pa 78, womanga nyumba wanga wa chifuwa cha diramu nkuyamba kulira ngati anapiye amene aona mphamba. Mayi a kunyumba anangosuzumira pakhomo, osanena kanthu, nkubwerera. Bola akananena.

Tsopano ndimvereni nanenso. Manambala a pa kachitsulo kaja anafufutika ine ndisanabadwe. Wokonza uja anati osagwiragwira. Komanso mu 1967 bandi ya Vanilla Fudge inatenga nyimbo yothamanga ya The Supremes nkuikoka pang'onopang'ono mpaka kulemera ngati mtondo, anthu anagula, anawatcha akatswiri, ine ndachita zomwezo ndi chala chosagwira kanthu mukuti ndine chitsiru. Ndipo a FBI enieni, apolisi ofufuza milandu a ku America, mu 1964 anayamba kufufuza "Louie Louie" ya The Kingsmen poganiza kuti muli zolaula, anaiyimba pa masipidi osiyanasiyana miyezi yambirimbiri nkumaliza kuti sakumva chimene mnyamatayo akunena. Anthu olipidwa ndi boma amenewo, a ma laboratale. Ine ndinali ndekha ndi jumbo yofiira. Osaiwalanso kuti nyimbo ya mphindi ziwiri ndi theka ine imandikwanira pafupifupi zitatu ndi theka, basela yaulere, masiku ano ndani akukupatsa basela?

Ndipo ndinene pano poti manyazi anatha kale: ya 33 ija ndi yabwino kuposa. Ndimafuna ndikuitaneni mudzamve nokha opanda a malume, koma Lolemba popita anakalowetsa kambale kaja m'thumba la jekete, akuti ine sindingakasamale. Kumudziko alibe choyimbira, alibe ngakhale magetsi. Gumbagumba andisiyira, koma mayi a kunyumba abwezerapo maluwa aja.

Amene ali ndi kavidiyo koyambirira anditumizire, ndikufuna ndingomvako mbali ya kadzidzi.