Chinanazi chinandivula pamaso pa apongozi

Abale pali zinthu zina zimafuna padutse kaye zaka ndiye uyambe kuziseka, iyi ine ndangoyamba kuiseka posachedwapa, poyamba munthu akangotchula cranberry ndimatuluka panja.

Ine ndimakhala ku South Bend ku Indiana kuno, komwe aMalawi tilipo ambiri ndithu moti nthawi zina uli mushopu umangomva kuseri kwa mashelefu munthu akuti iwe siya zimenezo ndikumenya. Amunanga ndi mzungu wa konkuno, makolo awo amakhala ku Elkhart, ngati mphindi 30 pagalimoto. Nde chaka choyamba titakwatirana kunabwera Thanksgiving, ija imachitika Lachinayi la nambala 4 mu Novembala, anthu onse a pamtundu amasonkhana nyumba imodzi kudya nkhukundembo mpaka kumasula lamba. Aliyense amapatsidwa choti abweretse. Ine mumtima ndinali nditakonzeka kale, ndimati andiuza mpunga kapena mandasi, ndiwaonetse kuti mwana wawo sanalakwitse.

Apongozi aakazi anandiitanira kukhitchini, nkutsitsa pakhoma chimbale china chake cha kopa, chozungulira, cha bowo pakati ngati tayala, mmbali mwake muli mizeremizere. Ine masiku onse ndimayesa ndi chokongoletsera nyumba. Anandipatsa ndi manja awiri, pamodzi ndi kakhadi kachikasu kolembedwa pamanja, akuti analemba ndi malemu amayi awo, ndipo chiyambireni palibe Thanksgiving yomwe inadutsa popanda saladi ameneyu. Akuti chaka chino upange ndiwe mwana wanga, walowa mbanja. Maso awo ali ndi timisozi. Ine ndinangotsala pang'ono kugwada.

Ndikuwerenga kakhadi mgalimoto ndikufufuza pomwe pali kabichi kapena tomato poti anati saladi, olo. Palembedwa mapaketi awiri a Jell-O wa raspberry (ufa wotsekemera womwe ukausungunula mmadzi nkuuziziritsa umalimba), cranberry, chitini chimodzi cha chinanazi chophwanyaphwanya, celery, mtedza wa walnut ndi shuga. Ndinafunsa amunanga kuti kodi kwanu kuno saladi amakhala wa shuga? Akuti eya, ndipo samadikira kumapeto, amaikidwa mbale imodzi ndi nyama ndi mbatata. Ndinangoti chabwino, kwa eni kulibe mkuwe.

Kwa omwe simunaionepo, cranberry ndi tizipatso tofiira towala, kukula kwake ngati nthudza, timalimidwa kwambiri ku Wisconsin ndi ku Massachusetts. Pokolola amadzaza madzi mmunda monse tizipatsoto nkuyandama chifukwa mkati mwake muli mphepo, nde pa TV zimaoneka zokongola ngati nyanja yofiira. Ndinagula paketi ya ma ounce 12, ndikufika kunyumba ndinatapa dzanja lonse kuponya mkamwa ngati chiwaya. Mayo ine. Tengani bwemba, muphatikize chidede, muonjezere kukhambitsa kwa nthochi yosapsa, nkhope yanga inakwinyika mpaka makutu anasuntha. Apa nde ndinamvetsa chifukwa chake kakhadi kamati shuga kapu yodzadza.

Koma pomwe satana analowera ndi pa chinanazi. Ine kwathu ndi ku Mulanje. Ndakula ndikudya zinanazi zothyola mmawa womwewo, zija ukamasenda madzi amatsikira mpaka mchigongono. Nde munthu ngati ine ndikagule chinanazi cha mchitini, chomwe kaya chinalowamo liti? Ndinaima pa shelefu paja chitini chili mmanja ndikuyankhula ndekha kuti agogo aja analemba zachitini chifukwa nthawi yawo kunalibe zenizeni, akanakhala moyo akanandithokoza. Ndinabweza chitini, ndikutenga chinanazi chafuleshi chonse ndi tsitsi lake, ndinachinunkhiza kumatako ngati katswiri, mayi wina wachizungu mpaka anandifunsa kuti mumadziwa bwanji chakupsa, ine kumuphunzitsa bwinobwino pompo ngati mlangizi wa zaulimi.

Lachitatu madzulo ndinayamba ntchito, chitenje mchiuno, nyimbo zakwathu pa foni. Cranberry ndinaphika mmadzi ndi shuga, timaphulika pwa pwa pwa mpoto ngati mbuliwuli, mpaka tinasanduka phala lofiira lonunkhira bwino. Ufa wa Jell-O ndinasungunula mmadzi owira, kutakasa mpaka osaonekanso timibulu. Chinanazi ndinachidula tingonotingono, ndipo ndikukumbuka bwinobwino ndinaganizako zochiponya mpoto muja chiwire limodzi ndi cranberry, kenako ndinati ayi mavitamini angafe. Mavitamini abale. Ndinadikira zonse zizizireko kaye nkuthiramo chosaphika, ndi madzi ake omwe ndinapsinyiramo kuti kukoma kusatayike. Kusakaniza, kuthira mchimbale cha kopa, mufiliji 6 koloko ndendende. Paketi imati maola anayi chalimba.

10 koloko ndinatsegula filiji ndikugwedeza chimbale, zikungoti khapakhapa ngati thobwa. Ndinati mwina filiji yathu ndi yaulesi. 11 koloko ndinapisamo chala, chinangolowa mpaka pansi ngati mumtsuko. Amunanga nkuti akuliza mkonono.

Kumudzi nthawi imeneyo inali 6 koloko mmawa poti timasiyana maola 7, nde ndinaimbira amayi pa WhatsApp. Ndinawalozetsa kamera mchimbale muja, iwo kuyang'ana nthawi yaitali, akuti "Kodi chimenecho nchakumwa kapena ndiwo?" Ndikuti amayi chimayenera kulimba, chizinjenjemera chikaikidwa pambale. Akuti "Nanga chakudya chizinjenjemera chalakwa chani?" Ndinawafotokozera kuti zili ngati msuzi wa mang'ina ukagona, mmawa umapeza wagwirana, ndipo sindimanama, gelatin yemwe amalimbitsa Jell-O amachokeradi ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe ndi nkhumba, kungoti azungu anazipera nkuthira shuga ndi mtundu. Amayi anangoti kaye zii. Kenako akuti "Ndiye apongozi ako akutuma mang'ina a shuga? Mwana wanga phala likachuluka madzi timawazamo ufa, uli nawo ufa woyera?" Ndinali nawo, ndipo ndisaname thumba ndinalitsegula. Mulungu yekha ndi amene anandigwira dzanja.

Mmalo mwake ndinavala jekete pamwamba pa chitenje pakati pausiku, kunja kukugwa chipale chija chimabwera kuchokera ku Lake Michigan, kukasaka shopu yomwe inali isanatseke. Ndinagula mapaketi ena awiri, kusungunula ndi timadzi tochepa, kuthiramo. Tsopano munali mapaketi anayi, zokwanira kulimbitsa ndowa. Ndinagona ndi mtendere.

Mmawa thobwa lomwe lija, kungoti latsekemera kawiri.

Apa mutu unayamba kuthamanga. Tikuyenera kufika 1 koloko. Ndinati chinthu chamadzi chikakana kulimba mufiliji chimapita kuti? Mufiriza. Kwathu timapanga mafilizesi, palibe chachilendo. Ndinachotsa nkhuku ndi usipa wanga wobisa uja, kulowetsa chimbale. Pofika 12 koloko chinali gwa ngati mwala, ukamenya ndi supuni chikulira. Amunanga anadzasuzumira akuti wow chalimba bwanji, ine ndikuti nanga umayesa wakwatira ndani. Sindinawauze kuti chachokera mufiriza, za mkhitchini mwamuna zimamukhudza chani.

Mgalimoto ndinachifungatira pamiyendo, hita ili pa mapeto poti kunja kumazizira koopsa, ndipo mphepo yotenthayo imawomba ndendende pa chimbale. Tisanafike nkomwe theka la ulendo ndinamva kuzizira pantchafu, kuyang'ana diresi yanga yachikasu ili ndi kadontho kofiira. Ndinauza amunanga kuti tathamangitsaniko galimoto, akuti msewu ukuterera. Ndinati zimitsani hita, akuti si iwe umadandaula kuzizira tsiku lililonse? Ndinatsegula windo ine, Novembala wa ku Indiana, chimbale ndachikwezera kumphepo ngati ndikupereka nsembe.

Tinafika nyumba itadzaza. Azibambo ali pabalaza kuonera mpira wawo uja wogwira ndi manja, Detroit Lions imasewera tsiku limeneli chaka chilichonse nde sasuntha olo nyumba ipse. Patebulo anayala nsalu yoyera ya leyisi, imenenso inali ya agogo omwe aja. Ndinafuna ndilowe mwakachetechete ndikachibise mufiriza mwawo koma apongozi anandiwona, kuwomba mmanja, akuti aliyense abwere, mkamwana wathu akufuna avundukule saladi wa amayi. Kumeneko ndi mwambo eti, amachita kuonerera. Anandiuza kuti uviike chimbale mmadzi ofunda masekondi 10 kapena 15 kuti chisiye mmbali. Ine podziwa kuti mkati muli ayezi ndinatsegula mpopi wamoto weniweni, wotuluka nthunzi, ndikuchisiya mmenemo kaya mphindi ziwiri, kwinaku ndikumwetulira.

Anandipatsa mbale yagalasi yafulati. Kuivindikira pamwamba, kupita nazo patebulo, anthu ngati 14 azungulira, ana atsogola, wina wayatsa kamera ya foni. Ndinatembenuza. Kunamveka kaphokoso kena kake, fyoo, ngati ng'ombe ikuzula phazi mmatope. Ndinanyamula chimbale pang'onopang'ono.

Kunena zoona kwa masekondi atatu chinali chokongola. Chinaima bwinobwino ndi mizere yake yonse, chofiira, chowala, azakhali ena mpaka anati ooh. Kenako mbali imodzi inangokhala pansi ngati khoma la zidina nthawi ya dzinja. Madzi ofiira anasefukira mbale, kuyenderera pa nsalu ya agogo, kudutsa pansi pa mbale ya nyemba, kuzungulira makandulo, tizidutswa ta celery ndi walnut tikuyandama ngati katundu wa anthu pa Napolo. Pakati panatsala chiayezi chozungulira chomwe chinatsetsereka mwaulemu kuchoka pambale, kuyenda tebulo lonse, kukagwera pamiyendo pa apongozi aamuna omwe anali atangokhala kumene ndi mpeni wodulira nkhukundembo. Bambo aja ndi ofatsa, chikwatirireni sindinawamvepo akukweza mawu, koma tsiku limenelo anakuwa mawu amodzi omwe sindingalembe pano.

Zii nyumba yonse, kumangomveka tho tho tho pa kapeti. Galu yekha ndi amene anasangalala, anafika kale pansi pa tebulo. Kamwana ka mlamu wanga, ka zaka zisanu, nkufunsa mokweza kuti kodi saladi wa agogo wamwalira nayenso?

Ine pamenepo ndikanakonda pansi pang'ambike. Ndinangoyamba kupepesa mChichewa, pepani pepani pepani, ndikupukuta ndi chilichonse chomwe dzanja lagwira, kenako ndinazindikira kuti ndikupukutira sikafu ya azakhali aja.

Azakhali omwewo, anali mphunzitsi wa sayansi asanapume, anatola kachidutswa kachikasu pa nsalu, kukayang'anitsitsa, kukalawa. Akuti "Mwana wanga, chinanazi ichi nchamchitini?" Ine ndi kamtima konyada komwe kanatsalako ndikuti ayi azakhali, chafuleshi, kwathu sitidya zamchitini. Anaseka mpaka anagwira mpando. Akuti mchinanazi chosaphika muli chinthu chotchedwa bromelain, chimadya mapuloteni, nchifukwa chake ukadya chambiri lilime limalumaluma, ndipo gelatin ndi puloteni yekhayekha. Ndiye kuti usiku wonse ine ndimathira mapaketi, chinanazi chimangolandira nkumadya. Chamchitini anachiphika kale pochitsekera, mphamvu imeneyo inafa. Ndikanangochiwiritsa mphindi zochepa mpoto muja, basi zikanatheka. Mavitamini aja.

Chomwe chinandipweteka kwambiri nchoti ine zimenezi ndimazidziwa mwanjira ina. Ndi kangati ndinaona amayi akuponya papaya wamuwisi mu nyama yolimba kuti ifewe? Ndipo azakhali anapita kukatenga paketi ya Jell-O mkabati mwa apongozi nkundilozera timalemba tating'ono mmbali, akuchenjeza zomwezo, chinanazi chafuleshi ayi, kiwi ayi, papaya ayi, sichilimba. Ndinagula mapaketi anayi ine, onse anali ndi mawu amenewo, sindinawerenge olo imodzi.

Apongozi aakazi, Mulungu awadalitse, sanakalipe. Anangopuma mozama, kutenga chikombe, kukokolola zomwe zinatsala pambale nkuthira mmakapu. Aliyense analandira kapu yake ya saladi wa agogo, anthu akumwa nkumatafuna celery, akuti mmm ndi wokoma, bodza la azungu lija lomwetulira. Apongozi aamuna anadya atavala buluku la pajama.

Nsalu ija anaichapa kangapo koma banga silinachoke lonse, linatsala lapinki, lalitali, ndikaliyang'ana limafanana ndi nyanja ya Malawi pa mapu mpaka ndi Cape Maclear yemwe. Mpaka lero amaiyala, amangoika mbale ya nkhukundembo pamwamba pake. Chimbale cha kopa chinabwerera pakhoma ndipo palibe amene ananditchuliranso.

Chaka chotsatira ndinayeserera mobisa kunyumba ndi chinanazi chamchitini, chinalimba bwinobwino, chonjenjemera ngati mmene amafunira, ndinachijambula nkutumizira apongozi ndili ndi chiyembekezo. Anayankha ndi timitima titatu. Kenako patapita mphindi zochepa kunabwera uthenga wa pagulupu ya banja wogawa ntchito, mlamu wanga ma pie, azakhali mbatata, amunanga zakumwa, ine anandilemba kuti ndibweretse ayezi.