Khonde lopanda nyanja

Matikiti anagula ndi mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino kuno ku Leeds. Anati ine ndi mayi ake tatopa, tikapumuleko pa sitima yapamadzi yonyamukira ku Barcelona n'kuzungulira nyanja ya Mediterranean. Pa foni anayamba kufotokoza kuti chipinda chathu chili ndi khonde, koma khondelo ndi lamtundu wina. Ndinamudula pakamwa.

"Iwe mwana, ine ndinakulira ku Nkhotakota. Ilala ndinayamba kukwera iwe usanabadwe. Lero undiphunzitse khonde?"

Anangoti, "Chabwino adadi," ndi ulemu uja wa ana a masiku ano umene umatanthauza kuti mukaona nokha.

Usiku womwewo ndinalengeza pa gulu la WhatsApp la abale akumudzi kuti adikire kanema wa dzuwa likutuluka m'nyanja, wojambulidwa pakhonde langalanga. Amalume anayankha ndi zithunzi za manja owomba.

Titafika padoko, woyendetsa takisi anaima pafupi ndi chinyumba choyera cha nsanjika zambirimbiri n'kuyamba kutsitsa zikwama. Ndinamufunsa kuti sitimayo ili kuseri kwa nyumbayi kodi. Anandiyang'ana pang'ono, n'kuloza nyumba yomweyo. Inali Allure of the Seas, yachiwiri m'gulu la masitima otchedwa Oasis. M'litali ndi mamita opitirira 360. Ilala yathu ija ndi mamita 52, ndiye mutazindandalika zisanu ndi ziwiri, mutu kumchira, m'pamene mungafike kumapeto. Imanyamula alendo oposa 5,400, osawerengera antchito opitirira 2,000. M'chikepe ndinaona kuti mabatani akuchoka pa 12 n'kudumphira pa 14. Azungu amatiseka za ufiti, koma nambala 13 aithawa pa sitima ya madola oposa biliyoni imodzi.

Tsiku loyambalo linathera m'mbale. Zakudya zinali zongodzitengera, ndipo ine sindinaleredwe kunyoza chakudya cha eni ake. M'chipinda tinalowa usiku kwambiri, titapeza wantchito watiyalira kale bedi n'kutseka makatani. Mayi akunyumba, amene amachita chizungulire ngakhale powoloka mlatho, analumbira kuti kataniyo saikhudza mpaka titsike. "Madziwo mukaone nokha, bambo. Ine ndabwerera zakudya ndi tulo." Atawerenga mtengo wochapitsira zovala, analamulanso kuti aliyense achape zamkati zake pasinki. Ndinachapa, n'kuyanika kubafa. Sutikesi yanga inali yokhoma, kiyi wake ali m'chikwama cha mayiwo.

Mbandakucha ndinadzuka mwakachetechete. Kabudula wamkati anali asanaume. Ndinati palibe kanthu, pakati pa nyanja angandione ndani kupatula nsomba? Ndinamanga thaulo m'chiuno, kathaulo kaja kapakatikati, n'kutenga foni. Magalasi anga a maso ndinawasiya patebulo. Ndinalowa kuseri kwa katani, ndinakankha chitseko chagalasi, ndinatuluka, n'kuchibweza pang'onopang'ono kuti mayi asadzuke.

Kunja kunali mdima ndi kamphepo kozizirira bwino. Patsogolo panga ndinaona timagetsi tambirimbiri tili mbuu, ndipo mtima unakhala pansi. Ndinati kodi kunonso asodzi amapha usipa ndi nyali? Ndinakhala pampando kudikira dzuwa. Nyama ya dzulo ija inali isanathe ntchito yake m'thupi, ndiye tulo tinandiba.

Chinandidzutsa ndi kulira kwa masipuni ndi makapu. Kunali kutayera kale. Ndinatikita m'maso, ndinasuzumira pansi, n'kuona mitengo. Mitengo yeniyeni, ya masamba, ndi tinjira, ndi mabenchi, ndi anthu atakhala pamatebulo akumwa khofi. Ndinadzutsa mutu. Pamene panayenera kukhala nyanja panali khoma la makonde, nsanjika pamwamba pa nsanjika, onse oyang'anizana ndi langa. Ngakhale popanda magalasi ndinaona kuti pamakondepo pali anthu, ndiponso kuti kamwana kena kakuloza kuno. Thaulo lija, potembenuka m'tulo, linali litasiya udindo wake.

Ndinalikoka msangamsanga n'kudumphira pachitseko. Gwa! Ndinakankhanso. Gwa! Ndinagogoda, poyamba mwaulemu, kenako ndi chikhatho chonse. Zii. Ndinamva pambuyo pake kuti mayi atadzuka n'kupeza palibe munthu, anaganiza kuti ndawathawa kupita kokadya. Anapisa dzanja kuseri kwa katani, maso atayang'ana kumbali, anakhoma chitseko kuti madzi asalowe, n'kutuluka ali wokwiya kukandisaka.

Intaneti tinagula ya foni imodzi yokha, yanga. Mwana ku Leeds anali m'tulo atagwira ntchito usiku. Foniyo inkangonjenjemera ndi mauthenga akumudzi. "Dzuwa lija silinatuluke kumeneko?" Awo anali amalume.

Kenako kuseri kwa chotchinga cholekanitsa khonde langa ndi la chipinda chinacho kunasuzumira mutu wa imvi. Anali mdala wachizungu, wa maso odekha, kapu ili m'manja. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuthaulo osasintha nkhope.

"Musachikankhe choncho," anatero m'Chingerezi chake chapang'onopang'ono. "Sichingatseguke. Tinachipanga bwino."

Ndinati, "Agogo, chonde, imbirani foni antchito adzanditsegulire."

"Ndiimba. Koma mukudziwa kuti mwaima pati?"

Ndinkadziwa bwino lomwe pamene ndaima, ndi mmene ndaimira. Koma mdalayo anali atakoka kale mpando. Anati kwawo ndi ku Turku, m'dziko la Finland, ndipo moyo wake wonse anali wowotcherera zitsulo pamalo omangira masitima. Sitima imeneyi, pamodzi ndi mkulu wake Oasis of the Seas amene anatha mu 2009, inadutsa m'manja mwake. Iyi inatha mu 2010. Anthu amati a ku Finland salankhulalankhula. Amene amanena zimenezo sanafunsepo wowotcherera wopuma pantchito za sitima yake.

Analoza pansi ndi kapu. Munda umenewu, anati, dzina lake ndi Central Park. M'litali ndi pafupifupi mamita 100, uli ndi zomera zoposa 12,000, ndipo pamwamba pake palibe denga, mvula ikagwa imagwa ndithu. Masitima akale ankamangidwa ngati chibokosi chimodzi, moti zipinda zapakati zinalibe zenera, ndipo chipinda chopanda zenera anthu salipira ndalama zambiri. Ndiye akatswiri anakulitsa sitimayi m'lifupi, mamita 47 pamene yakhudza madzi, n'kung'amba nyumba yapamwambayo pakati kuti ikhale mizere iwiri. Mpata wapakatiwo anadzalamo munda, kumbuyo kwake n'kuikako bwalo lina lamasewera. Zipinda zimene zikanakhala mumdima zinapeza makonde oyang'ana m'kati.

"Nzeru zapamwamba," anatero. "Aliyense amaona mnzake."

Ndinati zimenezo ndaziona kale.

Pansi paja munatulukira mnyamata wosamalira maluwa, akukoka paipi. Anatsegula madzi. Tsono munthu amene wamwa majuwisi a mitundu yonse usiku n'kugona panja pozizira, phokoso la madzi othirira maluwa silimuchitira chifundo. Ndinayamba kusinthanitsa miyendo. Dzanja limodzi linagwira mfundo ya thaulo, linalo foni, imene inanjenjemeranso. "Kapena kwachita mitambo?"

"Agogo, foni ija."

"Inde, inde. Chipinda chanucho mukudziwa kuti sichinamangidwe muno?"

Anati zipinda zogona, zoposa 2,700, zinapangidwa kufakitale ya ku Piikkiö, kufupi ndi Turku. Chilichonse chinkabwera pa lole chathunthu, bafa, chimbudzi, magetsi ndi makabati zili kale m'malo, n'kungochilowetsa m'chigoba cha sitima n'kulumikiza mapaipi ndi mawaya. Chigobacho nachonso sichinamangidwe kuchokera pansi ngati nyumba. Ankadula zitsulo, kuziwotcherera kukhala zigawo zikuluzikulu pafupifupi 180, zina zolemera matani 600, kenako chikireni n'kumazinyamula chimodzichimodzi kukazisanja m'chidzenje chouma cha mamita 365. Zonse zitagwirana, anatsegulira madzi a m'nyanja kuti alowe m'dzenjemo, sitima n'kuyandama.

Apa, ngakhale ndinali pamavuto, mtima wokonda kwathu unandigwira. Ndinamuuza kuti zomanga sitima m'zidutswa ife tinaziona kale. Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Ndinaganiza kuti akamva zimenezi aona kuti ndine munthu wodziwa zinthu, woyenera kupulumutsidwa msanga. M'malo mwake maso ake anawala. Anaika kapu pansi. Anali atapeza mnzake.

"Ndiye inu mumvetsa nkhani ya masentimita asanu!"

Sindinkafuna kumvetsa chilichonse cha masentimita, makamaka pamene thaulo langa linali loperewera masentimita ambiri ndithu. Koma anapitiriza. Allure ndi Oasis anazimanga ndi pulani imodzi, koma ataziyeza anapeza kuti Allure yatalika kuposa mkulu wake ndi masentimita asanu. Palibe amene anakonza zimenezo. Akatswiri anati mwina n'chifukwa cha kutentha kwa zitsulo pa tsiku loyezera, poti chitsulo chimafutukuka chikatenthedwa. Komabe masentimita asanuwo anakwanira kuti wamng'onoyo azitchedwa sitima ya alendo yaitali kuposa zonse padziko, mpaka pamene Harmony of the Seas inatuluka ku Saint-Nazaire, ku France, mu 2016. Potchula France anakwinya nkhope pang'ono.

Tsidya lija anthu anali atachuluka. Mayi wina anaitana mwamuna wake, mwamunayo anatuluka ndi mswachi m'kamwa. Ndinayesa kubisala kuseri kwa mpando, koma mipando ya pakhonde ndi yoonekera. Ndinayesa kukhala pansi, koma kampanda kakutsogolo ndi kagalasi. Amene anajambula pulani ya khondelo sanasiye pobisala ngakhale pa khoswe.

"Funso lomaliza," anatero mdala uja, ngati kuti ine ndi amene ndikufunsa. "Inatuluka bwanji ku Finland?"

Ndinati, "Agogo, ine funso langa ndi lakuti ndituluka bwanji pano."

Sanamve. Anati kuchoka ku Turku kupita kunyanja yaikulu, sitima imayenera kudutsa pansi pa mlatho wa Storebælt ku Denmark. Mlathowo uli mamita 65 pamwamba pa madzi, pamene sitimayi ndi mamita 72. Ndiye machumuni ake anawapanga oti azitha kulowa m'kati n'kufupika. Anathiranso madzi m'matanki apansi kuti ilemere, ndipo woyendetsa anaithamangitsa dala, chifukwa sitima ikathamanga pamadzi osaya kwambiri imatitimira pang'ono. Inadutsa, ndipo pakati pa chumuni ndi mlatho sipanatsale ngakhale mita imodzi. Pofotokoza zimenezi anagwetsa mapewa n'kulowetsa khosi, kusonyeza mmene chumuni imachitira. Ine ndinali nditalowetsa kale khosi langa kuyambira pamene kamwana kaja kanandiloza.

Anali atayamba za mapulopela atatu apansi, amene amazungulira mbali zonse moti sitimayi ilibe chiwongolero chakumbuyo chija timachidziwa, pamene ndinachita chinthu chimene sindinachitepo kwa mzungu chibadwire. Ndinagwada, n'kuwomba m'manja katatu. Kuti ndiwombe m'manja ndinayenera kusiya mfundo ya thaulo, ndipo ndikhulupirira kuti ndi zimene anaonazo, osati ulemu wangawo, zimene zinamuthamangitsira kufoni.

Patapita kanthawi ndinamva mawu m'chipinda. Wantchito anali atafika, ndipo pakhomo anakumana ndi mayi akubwerera kosaka ine. Mayiwo anaima pakhomo atagwira chitseko cholowera m'chipindamo chili chitsegukire, akufunsa kuti mwamuna wanga wapezeka kuti. Wantchitoyo anakoka katani, anamasula loko, n'kukankha chitseko chagalasi.

Pagalasipo pali chenjezo lakuti osatsegula zitseko ziwirizo nthawi imodzi. Ndinaliwerenga pambuyo pake, nditavala magalasi. Mphepo inachokera kumene sindikudziwa, inadutsa m'chipindamo ndi mkokomo, mapepala onse a patebulo n'kuuluka. Ine ndinali nditakweza manja onse awiri kuthokoza Mulungu. Thaulo linanyamuka, linadumpha kampanda, linatambasuka bwinobwino m'malere, n'kukatera panthambi ya mtengo pamwamba pa anthu akumwa khofi.

Tsidya lija wina anawomba m'manja, ena n'kulandira. Wantchito uja, mwana wophunzitsidwa bwino, anayang'ana kudenga n'kundifunira m'mawa wabwino. Ndinamudutsa ngati mphezi kulowera kuchimbudzi. Zimbudzi za pa sitimazi sizigwiritsa ntchito madzi ambiri, zimakoka ndi mpweya, ndipo ukadina batani zimalira ngati zikufuna kumeza ndi iwe wemwe. Tsiku limenelo ndikanalola.

Nditatuluka ndinapeza mayi atsegula makatani onse, aima pakhonde, akuyang'ana mitengo mosangalala. "Bambo, bwanji simunandiuze kuti kulibe madzi? Apa ndiye pokhala ine." Kenako anasuzumira pansi. "Thaulo lili mumtengolo si lathu?"

Kanema wa dzuwa ndinakajambula mawa lake pamwamba penipeni pa sitima, pakati pa anthu othamanga m'mawa. Amalume anafunsa kuti khonde langa lili ndi dziwe losambira kodi, ndipo ndinawayankha kuti netiweki ikuvuta. Mdala wa ku Turku anakhala bwenzi la mayi akunyumba, moti madzulo ankabwera patebulo lathu kudzajambula mapulopela pa tishu. Ine pakhonde paja ndinkatulukapo nditavala jekete ndi tayi. Mayi wa tsidya lija ankandibayibitsa m'mawa uliwonse mwaulemu ndithu, koma mwamuna wake ankayamba walowa m'chipinda kukasekera m'kati.