Zimene nambala ya pa Colt Single Action Army imanena ndi zimene sinena

Mfuti yam'manja ya Colt Single Action Army, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Peacemaker, inayamba kupangidwa mu 1873 ku fakitale ya Colt mumzinda wa Hartford, m'chigawo cha Connecticut ku America. Ndakhala ndikuphunzira mbiri ya kapangidwe kake, ndipo mtima wanga wakodwa pa timanambala timene ankadinda kunsi kwa thupi la mfutiyi. Ndikulemba kuti zimene ndamva zikhazikike bwino m'mutu, komanso chifukwa phunziroli landisinthira mmene ndimaonera umboni wa zinthu zakale.

Samuel Colt mwiniwakeyo sanaione mfutiyi, poti anamwalira mu 1862. Anaikonza ndi amisiri a pakampanipo, William Mason ndi Charles Richards. Ikanatha kubwera msanga, koma ufulu wopanga silinda (chitsulo chozungulira chokhalamo zipolopolo) yobowola mbali zonse, yolowetsera chipolopolo chakumbuyo, unali wa Rollin White, amene anaupereka kwa kampani ina yopanga mfuti ya Smith & Wesson, ndipo unatha mu 1869. Mu 1873 gulu la asilikali a America linaivomereza, ili ndi mpope wa mainchesi 7.5 ndi chipolopolo cha .45 Colt (nambala ngati imeneyi imanena kukula kwa chipolopolo).

Gawo loyamba la kapangidwe kake, limene osonkhanitsa mfuti zakale amalitcha m'badwo woyamba, linayambira pa nambala 1 n'kukathera pa 357,859, pamene nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inachititsa kuti fakitale itembenukire ku zida zina. Manambalawa anayenda motsatana, ndiye munthu ukakhala ndi tebulo la zaka umatha kudziwa nthawi imene mfuti inapangidwa. Chaka cha 1880 chinayambira cha pa 53,000, cha 1881 cha pa 62,000, ndipo pofika mu 1900 anali pa 192,000. Ukamatsika nalo tebulolo umaona ngakhale mmene malonda anazilalira: zaka zoyamba za m'ma 1900 manambala ankalumpha ndi masauzande ambiri pachaka, koma m'zaka za m'ma 1930 ankangokwawa, anthu atatembenukira ku mfuti zamakono.

Pali malire atatu amene ndawaloweza. Oyamba ali cha pa 164,100, mu 1896. Kufikira pamenepo, kamtengo kachitsulo komwe silinda imazungulirapo ankakagwiritsa ndi sikuluwu yolowa chakutsogolo kwa thupi. Kuyambira apo anaika kabatani kopingasa ka sipuling'i. Achiwiri ali cha pa 182,000, pomwe chaka cha 1899 chinayambira, ndipo ndi a zamalamulo: lamulo la boma la America limatenga mfuti yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake ngati chinthu chamakedzana. Achitatu ndi 192,000 uja, pamene Colt anatsimikiza kuti mfutiyi ingathe kupirira onga wamakono wosatulutsa utsi. Zonse zam'mbuyomo zinapangidwira onga wakuda, wa mtundu uja wa mfuti za gogodera. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa mfuti yokhala ndi kabatani katsopano kaja siikhala kuti ndi ya onga wamakono basi. Pakati pa 1896 ndi 1900 pali mfuti masauzande ambiri zooneka zatsopano kunja, pamene chitsulo chake n'cha onga wakale.

Kenako zimayamba kusokonekera, ndipo m'pamene phunziro limakoma. Kuyambira mu 1875 mpaka 1880 Colt anapanga mfuti zomwezi zochepa za chipolopolo cha .44 rimfire (chimene chimaphulika chikamenyedwa m'mphepete), n'kuzipatsa mndandanda wawowawo, woyambiranso pa 1 mpaka 1,863. Tanthauzo lake n'lakuti pangakhale mfuti ziwiri za mtundu umodzi, zonse zenizeni, zokhala ndi nambala imodzi. Koma mtundu wa Bisley, umene unayamba mu 1894 ndipo uli ndi chogwirira chopindika mosiyana, sunapatsidwe mndandanda wake, manambala ake ali m'kati mwa mndandanda waukulu. Choncho 357,859 si chiwerengero cha mfuti zofanana ndendende.

Nambala sinkadindidwa malo amodzi. Pa mfuti zakalezo imapezeka kunsi kwa thupi, pa chitsulo chotchinga kokokera powombera, ndi pa chitsulo cha kumbuyo kwa chogwirira. Zoyambirira zinkakhalanso ndi manambala omalizira pa silinda ndi pa mpope. Pakachitseko kolowetsera zipolopolo pamakhala nambala ina yosiyana, imene amisiri ankaika kuti zidutswa zosulidwira pamodzi zisasochere m'fakitale. Imeneyo kusagwirizana kwake ndi nambala yaikulu si vuto. Wogula amayang'ana malo onsewa, ndipo akapeza kuti akugwirizana, mtengo umakwera.

Tsono pali nkhani ya mfuti zotchedwa Artillery, imene ndaibwereza kangapo. Asilikali a America anagula mfutizi zoposa 37,000 pakati pa 1873 ndi 1891, ndipo mu 1892 anasinthira ku mfuti ina ya .38. Zakalezo sanazitaye. Pakati pa 1895 ndi 1903 zambiri anazitumiza ku Colt ndi ku Springfield Armory, fakitale ya zida ya boma, kuti akazikonze, n'kudula mipope kufika pa mainchesi 5.5. Pokonzapo ankaziphwasula zambiri nthawi imodzi, n'kuzilumikizanso osalabadira kuti chidutswa ichi chinachokera pa mfuti iti. Msilikali ankafuna mfuti yowomba, za manambala analibe nazo ntchito. Zina mwa izo zinakagwira ntchito pa nkhondo ya ku Philippines. Ndiye lero ukapeza Artillery imene thupi likunena nambala ina, mpope ina, chogwirira inanso, nthawi zambiri umo ndi mmene inatulukira m'manja mwa boma. Kusagwirizanako ndi mbali ya mbiri yake. Ndipo amene angafute manambalawo n'kudinda ena kuti zonse zifanane, wawononga umboni. Izi zimandipweteka ndithu, chifukwa chitsulo chikapalidwa sichibwereranso, ndipo amene adzabwere m'mbuyomu sadzadziwa kuti mfutiyo inadutsa kuti.

Pa mfuti za asilikali pamakhalanso zilembo US ndi chidindo cha woyendera amene anaivomereza. Woyamba anali Orville Ainsworth, amene ankadinda chilembo A pa zidutswa ndi OWA pa chogwirira. Pambuyo pake kunabwera ena monga Henry Nettleton, David Clark ndi Rinaldo Carr, aliyense ndi zaka zake. Nambala ndi chidindo ziyenera kuvomerezana: chidindo cha Ainsworth pa thupi lokhala ndi nambala ya m'ma 1880 ndi chizindikiro choti wina wachitapo zake.

Mfuti za Ainsworth n'zimene gulu la asilikali a America lotsogoleredwa ndi George Custer linanyamula pa nkhondo ya ku mtsinje wa Little Bighorn pa 25 June 1876, tsiku limene a Lakota ndi a Cheyenne, mitundu ya anthu eni nthaka a ku America, anawagonjetsa. Ofufuza amaloza manambala a pakati pa 4,500 ndi 6,500 ngati chigawo chimene mfuti zambiri za gululo zinachokeramo, ndipo pamsika mfuti ya m'chigawochi imakwera mtengo. Koma kupezeka m'chigawocho sikutsimikiza kuti mfutiyo inafika kunkhondoko, poti magulu enanso analandira kuchokera m'mitokoma yomweyo. Ndikamawerenga mbali imeneyi sindiiwala kuti zidazi zinatumizidwa kukathamangitsa anthu pa nthaka ya makolo awo. Mabuku a mitengo amadutsapo mofulumira pa mfundoyi, koma ine ndimaona kuti ndi mbali ya zimene nambalayo ikusunga.

Mibadwo yotsatira ndi yosavuta. Mafilimu ndi masewero a pa TV a anyamata oweta ng'ombe atadzutsa chilakolako, Colt anayambiranso kupanga mu 1956, kuyambira pa 0001SA, zilembozo zili kumapeto, mpaka kupitirira pang'ono 73,000 chapakati pa zaka za m'ma 1970. M'badwo wachitatu unayamba mu 1976 pa 80000SA, kusiya mpata wa manambala pakati. Atafika pa 99999SA mu 1978 anasamutsira SA kutsogolo, ndipo amenewonso atatha m'zaka za m'ma 1990, anagawa zilembozo, S kutsogolo, A kumapeto. Malo a zilembo ziwirizi okha amakuuza nyengo.

Chimene nambala singanene ndicho dzina la amene anaigwira. Colt amasunga makaundula a katundu wotumizidwa, ndipo munthu akalipira amamulembera kalata yofotokoza kukula kwa chipolopolo, kutalika kwa mpope, mtundu wa kunja, tsiku lotumiza ndi kumene inapita. Kalatayo imathandiza kugwira mfuti imene inasinthidwa mpope kapena kupakidwanso. Koma kawirikawiri dzina lolembedwamo limakhala la sitolo yaikulu, monga Hartley & Graham ya ku New York kapena Simmons Hardware ya ku St. Louis, mfutiyo ili imodzi mwa zambiri mu mtokoma. Komanso kalatayo imafotokoza zimene zili m'kaundula pa nambala imeneyo. Wolembayo saiona mfuti ili m'manja mwakoyo.

Chitsanzo chimene chandimveketsera zonsezi ndi nambala 55093. Patebulo la zaka, imangonena kuti 1880, mofanana ndi zinzake masauzande. Koma iyi ndi mfuti ya .44-40 imene wapolisi Pat Garrett anaphera chigawenga chotchuka Billy the Kid ku Fort Sumner, New Mexico, pa 14 July 1881. Garrett anadzaibwereketsa kwa Tom Powers, mwini malo omwera mowa ku El Paso, ndipo m'zaka za m'ma 1930 mkazi wamasiye wa Garrett anapita kukhoti kukaiitanitsa, n'kupambana mlanduwo. Mapepala a kubwereketsako ndi a kukhoti ndi amene amamangiriza nambalayo ku munthu ndi ku tsiku. Mu August 2021 kampani ya Bonhams, yogulitsa zinthu pa okushoni, inaigulitsa pa mtengo wopitirira madola 6 miliyoni.