Zipinda zomwe timamanga mu kompyuta

Bizinesi yathu inayamba m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa masukulu ndi malo ochitira zionetsero. Ine ndinkaphunzitsa luso lojambula, ndipo wophunzira wanga wina anali atamaliza zithunzi zake koma analibe pozionetsera. Ndi thandizo la mnzanga wodziwa za makompyuta, tinamumangira chipinda pa intaneti, tinapachika zithunzizo pa makoma ake, ndipo alendo ankalowa aliyense ali ndi kachithunzi komuimira, kamene timati avata, nkumayenda ndi kucheza ngati ali m'holo yeniyeni.

Nzeru imeneyi si yathu. Kampani ya Linden Lab inatsegula Second Life, dziko longoyerekezera la pa intaneti, mu 2003, ndipo mayunivesite ambiri anamangamo makalasi kalekale. Ife tinasankha OpenSimulator, pulogalamu yaulere yomwe inayamba mu 2007, chifukwa imalola munthu kusunga dziko lake lonse la mu kompyuta pa seva yake, yomwe ndi kompyuta yosungira zinthu za pa intaneti. Malo amodzi m'dzikolo nthawi zambiri amakhala mamita 256 m'litali ndi m'lifupi, ndipo zonse zomwe zamangidwapo zingasungidwe mu fayilo imodzi ya mtundu wotchedwa OAR nkusamutsidwa. Anzathu ena ankati tasankha chinthu chachikale, koma mapulogalamu atsopano a mtundu womwewu atatsekedwa, AltspaceVR mu 2023, kenako Mozilla Hubs mu 2024, makasitomala athu anayamba kufunsa kaye kuti ntchito yawo idzakhala m'manja mwa yani, ndipo yankho tinali nalo.

Cholakwa chathu chachikulu chinali kukonda zokongola. Pa msonkhano wathu woyamba wa aphunzitsi tinamanga holo ya magalasi, mitengo ndi madzi oyenda, koma anthu okhala ndi makompyuta ofooka ndi intaneti yochedwa ankangoona makoma otuwa, ndipo ena anatuluka wolankhula asanayambe. Tsiku limenelo limandipwetekabe mtima, chifukwa amene anatsala kunja ndi omwe tinkafunitsitsa kuwafikira. Kuchokera pamenepo timachepetsa kukula kwa zithunzi zonse, timayesa chipinda chilichonse pa kompyuta yakale kwambiri yomwe tili nayo, ndipo mmodzi wa ife amaima pakhomo kuphunzitsa mlendo aliyense kuyenda, kukhala pansi ndi kutsegula maikolofoni.

Ntchito yomwe imandisangalatsa koposa ndi ya makalasi. Mphunzitsi wa sayansi anatipempha kuti timange selo ya thupi yaikulu ngati nyumba, ndipo ana analowa mkati mwake nkumaitanizana kuti adzaone nyukiliyasi, kachigawo kamene kamalamulira ntchito za selo. Ndikuvomereza kuti phunziro longofuna kumvetsera limayenda bwino pa kanema wamba, ndipo makasitomala otere timawauza zoona ngakhale titaye ndalama. Koma pomwe pakufunika kuyenda, kuzungulira chinthu ndi kumanga limodzi, pamenepo ndiye pathu.

Panopa tikukonza chionetsero cha osema ziboliboli, ndipo tikuphunzira kujambula chosema chilichonse mbali zonse kuti chilowe mu kompyuta osataya mizere ya sompho.