Mbiri ya moyo wanga, gawo la 17: Pepala la apolisi ndi tsiku la kukhoti

M'gawo lapitalo ndinafotokoza mmene ndinasiyira ukalaliki pa esiteti ya tiyi n'kugula pikapu yakale, imene inkanyamula zinanazi, nthochi ndi mapeyala kuchokera kwathu ku Mulanje kupita kumsika wa Limbe. Dalaivala wake anali mwana wa mlongo wanga, ndipo popeza kwathu kuno mwana akagwa m'mavuto amathamangira kwa malume ake, mlandu wake woyamba wapamsewu unafika pakhomo panga ngati wanga womwe.

Anamuimitsa m'mamawa pa msewu wa M2, umene umachokera ku Muloza kudutsa pa boma la Mulanje, Luchenza, Thyolo ndi Bvumbwe. Apolisi apamsewu anali atatchera kamera yoyezera liwiro pafupi ndi malo ena amalonda, ndipo anamuonetsa nambala imene makinawo anawerenga, yoposa ya pa chikwangwani. Anamuuza kuti angathe kulipira chindapusa pomwepo n'kulandira lisiti. Mnyamatayo analibe ndalama chifukwa katundu anali asanagulitsidwe, komanso ankakhulupirira kuti kamerayo inawerenga minibasi imene inamupitirira nthawi yomweyo. Atakana kulipira, anamulembera pepala lotchula mlandu wake, khoti lokaonekerako ndi tsiku lake.

Madzulo anabwera nalo pepalalo litapindikapindika m'thumba la malaya. "Malume," anatero, "anzanga a pa siteji akuti ndingoliiwala, apolisi ali ndi milandu yambiri yoposa iyi. Ena akuti ndikanangowakokera pambali n'kupereka ya fanta." Ndinamuyankha kuti, "Mphwanga, anzakowo sadzakhalapo tsiku limene dzina lako lidzaitanidwe. Khala pansi tiliwerenge limodzi."

Zimene ndinamuuza usiku umenewo ndinazidziwa ndili kuesiteti, kumene mapepala a malole onse ankadutsa pa tebulo langa. Milandu yapamsewu imachokera m'lamulo la Road Traffic Act la 1997, ndipo munthu akalipira chindapusa pamsewu ndiye kuti wauvomera mlanduwo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma imathadi pokhapokha ngati walandira lisiti ya boma, imene madalaivala amaitcha GR, yolembedwa ndalama yomweyo imene yatuluka m'thumba. Ndalama yoperekedwa popanda lisiti si chindapusa ayi, ndi chiphuphu, ndipo lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Amene sakuvomera ali ndi ufulu wokamvedwa ndi woweruza, ndipo pamenepo palibe chamanyazi. Choopsa ndi kusaonekera pa tsiku lolembedwalo, chifukwa khoti lingathe kutulutsa chikalata choti munthuyo amangidwe, motero amene anayamba ndi mlandu wa liwiro chabe amakapezeka akugona m'chitokosi ndi kufunafuna omutengera belo, galimoto itaima, katundu akuwola.

Tsiku la khoti lisanafike ndinakwera naye pikapu ija, tinapita pamalo pamene anamuimitsa. Ndinkafuna kuti ngati akana mlandu, akane akudziwa chimene akukana. Chikwangwani chinalipo, chooneka bwino. Titaima m'mbali mwa msewu kwa kanthawi, akuonerera akabaza, amayi osenza madengu ndi ana opita kusukulu akuwoloka, anandiuza yekha kuti minibasi inamupitiriradi, koma nayenso phazi anali asanalichotse pa mafuta.

Pamenepo ndinamuwerengera masamu amene ndimalakalaka dalaivala aliyense wa msewu umenewu atawadziwa. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, pamene ya makilomita 80 imayenda mamita 22. Mtunda umene mabuleki amafuna kuti galimoto iime sukula mofanana ndi liwiro, umakula moposerapo, kotero kuti pa 80 umaposa wa pa 50 kawiri ndi theka, ndipo pikapu yodzaza zinanazi pa phula lonyowa imavuta koposa. Chimene munthu amapindula pothamanga chomwecho pa kilomita imodzi ya malo amalonda ndi masekondi 27 okha. Ife a kuno tikudziwa mmene chiperoni chimatsekera msewu m'miyezi yozizira, mpaka otchola tiyi oyenda m'mphepete umawaona uli nawo pafupi. Ine ndaikako m'manda anthu ogundidwa pa msewu umenewu, ndipo nkhani ya liwiro sindiitenga ngati ya ndalama chabe.

Kukhoti tinalawirira, mnyamatayo atavala malaya oyera, atanyamula pepala lija, laisensi ndi chitupa cha unzika. Tinakaonekera kaye kwa kalaliki kuti adziwe kuti wafika, ndipo ndikulangiza aliyense kutero, chifukwa milandu ya tsiku limodzi imakhala yambiri ndipo amene watuluka kukagula mandasi dzina lake likuitanidwa angayesedwe wosabwera. Tinadikira nthawi yaitali pa benchi, tikumvetsera milandu ya ena.

Ataitanidwa, mlandu unawerengedwa m'Chingerezi, womasulira n'kuunena m'Chichewa. Ambiri sadziwa kuti kumasulirako si chifundo cha khoti. Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa woimbidwa mlandu ufulu woti azengedwe m'chilankhulo chimene akumva kapena amasuliridwe, komanso woti aonedwe wosalakwa kufikira umboni utamugwira. Atafunsidwa ngati akuvomera kapena akukana, anayankha kuti, "Ndikuvomera, bwana." Wapolisi woimira boma anafotokoza mmene zinachitikira, woweruza anafunsa mnyamatayo ngati zinalidi choncho, kenaka woimira bomayo ananena kuti aka kanali koyamba kupezeka ndi mlandu. Akanakana, mlanduwo ukanaimitsidwa kufikira tsiku lina kuti amene anagwira kamera adzapereke umboni, iye n'kupatsidwa mpata wowafunsa mafunso.

Mbali imene inandikhudza kwambiri ndi ya madandaulo, pamene wovomera mlandu amapatsidwa mwayi wonena zimene khoti liganizire lisanapereke chilango. Ndinaona akuluakulu ena tsiku limenelo akungoweramitsa mutu osanena kanthu, mwina chifukwa cha mantha, pamene mpatawo unali wawo. Mphwanga uja analankhula mwachidule kuti amasamala mayi ake ndi azing'ono ake, kuti ntchito yake yonse ili pa laisensiyo, ndi kuti anabwereranso pamalopo kukaona chikwangwani. Woweruza analemba zonsezo, namulamula kulipira chindapusa, ndipo anatchulanso nthawi imene akanakhala kundende akadalephera kulipira. Mawu omalizawo ndi amene anthu ambiri sawamvetsera, chonsecho ndi amene amasonyeza kuti kukhoti munthu asapite chimanjamanja. Ine ndinali nditakonzeratu ndalama za zinanazi za sabata imeneyo.

Tinalipira ku ofesi ya khoti lomwelo, ndipo ndinaonetsetsa kuti pa lisiti pali dzina lake, nambala ya mlandu ndi ndalama yeniyeniyo. Lisitiyo tinaijambulitsa, ina inakhala m'galimoto pamodzi ndi mapepala a inshulansi ndi COF (chitupa chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), ina m'bokosi langa kunyumba. Ndalamayo tinagwirizana pamaso pa mayi ake kuti ndizimudula pang'onopang'ono pa malipiro ake, ndipo ndinasintha nthawi yonyamukira kuti katundu azipakiridwa madzulo, asamachite kuthamangira msika m'mawa. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene pikapu yomweyo inatutira njerwa za nyumba ya mlongo wangayo.