Mbaniro, mawu amene pulayazi ikutilanda

Loweruka ndinkazula msomali wopindika pa thabwa lakale. Ndinayesa ndi zala, zinakanika, chikhadabo cha chala chachikulu mpaka kung'ambika. Ndinauza mwana wanga kuti andipatsire mbaniro. Anangoima n'kumandiyang'ana. Nditanena kuti pulayazi, anathamanga n'kubwera nayo.

Zinandikhudza, chifukwa mawu akuti mbaniro ndimawakonda. Ukawatchula umamvamo kupana, ndipo kupana si kugwira wamba. Kugwira, ngakhale khanda limagwira chala cha mayi ake. Kupana ndi pamene chinthu chalowa pakati pa ziwiri zimene zikukumana, osatha kupulumuka, monga chala chikapanidwa ndi chitseko. N'chifukwa chake munthu amene ngongole zamuzinga amati wapanikizika.

Chidachi nzeru yake ili pa kamsomali kolumikiza zitsulo ziwirizo. Zogwirira n'zazitali, kukamwa n'kwakufupi, choncho mphamvu yochepa ya dzanja imakafika kukamwako itachuluka. Msomali uja unatuluka ndikungopotokola kamodzi, ukulira kuti kwii. Wosula zitsulo amafuna mbaniro yaitali kwambiri, kuti dzanja litalikirane ndi moto. Ngakhale pa Yesaya 6:6, mserafi, mngelo uja, sanatole khala lamoto paguwa ndi zala, anatenga ndi mbaniro.

Madzulo ake ndinamuonetsa mwanayo chithunzi cha nkhanu pa foni. Ili ndi miyendo 10, koma iwiri yakutsogolo siyendera, ndi yopanira. Mukayang'anitsitsa chopaniracho, chala chimodzi chokha ndicho chimayenda, chinacho chili nji, chimangodikira. Chopaniracho chikaduka chimaphukanso nkhanuyo ikamafundula. Chinkhanira nachonso chili nazo ziwiri, zogwirira kachilombo pamene mchira ukubaya.

Apa ndipamene ndimatsutsana ndi anthu amene amati nkhanu ili ndi zikhadabo. Zikhadabo ndi za mphaka ndi kabawi, zimakanda, zimakola, zimaboola. Nkhanu simakanda ayi. Imapana, ndipo amene inamupanapo amadziwa kuti ululu wake umachokera mbali ziwiri nthawi imodzi.

Sindikuti tisiye kunena pulayazi, inenso ndimatero tsiku lililonse. Koma dzina limenelo limathera pa chida chimodzi chokha, silingakufikitse kwa nkhanu kapena kwa wosula. Mwana uja atayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, anatsegula pulayazi n'kuitseka kangapo pafupi ndi foni, kenaka anandifunsa ngati nkhanu nayonso ingathe kuzula msomali.